Nati ya Pikapu ya a Harawa

Anne Msiska, amene ku Phwezi konse amangomuti NyaMsiska, ali ndi chala chachikulu chokhota kudzanja lamanzere. Sanabadwe nacho choncho. Anabadwira ku Khondowe, mwana wa aphunzitsi, wa zala zowongoka zozolowera kutsegula buku la nyimbo m'kwaya. Chalacho chinakhotera ku banja, pansi pa pikapu ya amuna ake, a Manase Harawa.

A Harawa anali dalaivala wa lole ya fodya. Atapuma ntchito anagula pikapu yakale imene amaikonza okha pabwalo, patsinde pa mtengo wa mango. Kugalaja sapondako, amati amakanika onse ndi akuba. Koma ntchito zina zimafuna manja anayi. Bolojointi, kachitsulo kolumikiza tayala lakutsogolo ndi mkono wapansi wa galimoto, ikalowa m'bowo mwake imakakamira ngati nkhupakupa. Kuti ituluke umamasula nati osaichotseratu, wina n'kutsamiritsa hamala yaikulu kuseri kwa mkonowo, iwe n'kumenya mbali inayo mwamphamvu. Pamutu pa bawuti sumenyapo, umangowononga. Wogwira hamala yakuseriyo, kuyambira ana akuyamwa mpaka onse kuchoka pakhomo, anali Anne. Tsiku lina a Harawa anaphonya chitsulo, ndipo pepani amene Anne analandira anali wakuti, "Ukugwira bwanji iwe?"

Chokwiyitsa n'chakuti pikapuyo inali ndi matenda osankha masiku. Kunyamula chimanga kupita nacho ku Bwengu, ili bwinobwino. Kutenga anzawo a bawo kukaonera mpira ku Rumphi boma, imauluka. Koma kungomveka kuti kwawo kwa Anne kuli ukwati, ubatizo kapena matenda, m'mawa mwake umaipeza yakwera pajeke, tayala lili potero. Gwero lake n'lakale. Pa tsiku la ukwati wawo, mlongo wake wa Anne, Stanley, anaseka zikhadabo zakuda za mkwati anthu akumva. Stanley anaiwala kalekale. A Harawa anasunga, koma kunena poyera kuti "kumeneko sindipita" sananenepo. Iwo mawu awo ndi amodzi, a Chitumbuka otanthauza "pang'ono chabe": "Pachoko waka, NyaMsiska, yatsala pang'ono."

Pachoko waka ameneyo ndiye anachititsa kuti Anne afike mayi ake atatseka kale maso. Minibasi zinalipo, inde. Koma mayi wa Umanyano, bungwe la amayi a mpingo, kufika pamatenda yekha ndi kachikwama, mwamuna ali ndi galimoto, anthu a ku Khondowe amayang'anana, ndipo Anne ankaopa maso amenewo kuposa china chilichonse. Manyazi opusa ndithu, koma ndiwo anamugwaditsa pafumbi zaka zonsezo.

Lachisanu lina m'mamawa Stanley anaimba foni. Pamela, mkulu wawo amene analera Anne pamsana, anali m'chipatala ku Khondowe, wafooka kwambiri.

"Akungotchula dzina lako," anatero Stanley. "Usachedwe, mlongo wanga."

Anne anavala bulauzi yoyera, nalongedza zovala ndi kabotolo ka uchi kamene Pamela amakonda. Potuluka panja anapeza pikapu ili pajeke.

"A Harawa, si dzulo lomweli galimotoyi yabwera ndi matumba?"

"Imagogoda. Bolojointi yatha. Ukufuna tikagubuduzike pa Gorodi? Gwira hamala apa, pachoko waka."

Msewu wa Gorodi wokwera ku Khondowe si woseweretsa, makona ake ngakhale mwana amawadziwa. Anne anagwada, bulauzi yoyera ili pathupi.

A Harawa anayamba kumenya. Go, go, go. Kenaka anakafuna sipanala m'nyumba. Atabwera anati tiyi wawo wazizira. Dzuwa linakwera mpaka mthunzi wa mango unawathawa. Foni inaliranso, Anne n'kunama kuti akunyamuka.

Koma wogwira hamala yakuseri amamva nkhonya iliyonse m'mkono mwake, sunganamize ameneyo. Anne ankadziwa mmene a Harawa amamenyera akafunadi kuti chitsulo chituluke: mano amachita kuwombana. Izi za lerozi zinali ngati mlendo akugogoda pakhomo pa abusa. Anasuzumira pansi. Labala ya bolojointi inali yosang'ambika, girizi sanatayike ngakhale dontho.

"Bweretsani hamalayo. Inu gwirani kuseri."

"Wapenga kodi, NyaMsiska?"

"Ndati gwirani!"

Liwu limenelo a Harawa anali asanalimvepo pakhomo pawo, ndipo anagwira. Anne anakweza hamala ndi manja onse awiri. Anamenyera mayi ake, anamenyera chala chake. Chitsulo chinalira, mkono wa galimoto uja n'kutsika kukatsamira pa nati. Anamasula natiyo ndi zala, natsitsa mkonowo, n'kugwira bawuti ya bolojointi kuti aigwedeze. Inali gwa, yolimba ngati yogula dzulo.

"Yatha imeneyi?"

A Harawa anayang'ana m'mwamba mumtengo wa mango. "Mwina ndi ya mbali inayo."

"Nanga tsiku limene amayi anamwalira? Inali mbali iti?"

A Harawa anatola sipanala n'kuyamba kuipukuta.

"Mukanangondiuza kuti simufuna," anatero Anne. "Munthu wamkulu, wa imvi, kubisala pansi pa galimoto chifukwa cha zikhadabo! Ine n'kumakugwirirani hamala yondinamizira ndekha!"

"Tibwezeretse msanga ndiye. Pachoko waka..."

Anne anamanga nati ija pa ngodya ya chitenje, natola chikwama chake, n'kulunjika kumsewu osasamba m'manja.

Minibasi inachedwa kudzaza. Ku Chitimba anadikiranso ya matola yokwera phiri. Pamene amafika pachipata cha chipatala dzuwa linali litapendeka, ndipo kulira anakumvera patali. Stanley anamuchingamira, maso ali psuu.

"Wafika, yewo. Pamela anakudikira chomene, mpaka watisiya. Masana omwewa anafunsanso ngati galimoto ya alamu yamveka."

Masana amenewo n'kuti Anne atagwada pafumbi pambali pa pikapu. Anakhala pansi pakhonde, kabotolo ka uchi kali m'manja, misozi n'kukana kutuluka chifukwa cha mkwiyo. Amayi a Umanyano anamuzungulira. Anaona bulauzi ya girizi, anaona zikhadabo zakuda, ndipo anayang'anana monga ankaopera muja. Mmodzi wa iwo, mayi Nelly, anayang'ana kuchipata n'kufunsa mwaulemu:

"Nanga a Harawa ali kuti? Akuimika galimoto?"

Anne anamasula mfundo ya chitenje, natulutsa nati ija, n'kuiika pabenchi pakati pawo.

"Ndi awa," anatero. "Apatseni mpando."