Azakhali Anakankha Chitseko

Tsiku lililonse bambo anga akamapita kushopu yawo yosoka nsapato amazungulira kuseri kwa sukulu, kuti asadutse pabala. Ayenda chonchi miyezi inayi, chiyambireni kupita kugulu la anthu ofuna kusiya mowa. Gululo ndinawapezera ndine, nditachita kudzikakamiza kufunsa nesi kuchipatala. Amakumana Lachinayi masana m'kalasi ina, ndipo lamulo lawo ndi lakuti zam'menemo zimathera momwemo.

Azakhali sanakhulupirire. "Achimwene kusiya mowa? Pali mkazi apa." Lachinayi lapitali anawalondola, ine ndikuthamanga pambuyo. Anakankha chitseko n'kupeza anthu asanu ndi awiri atakhala patimipando ta ana.

"A telala, nanunso muli muno? Inunso amayi ogulitsa mankhwala? Amuna anu akudziwa koma?"

Mayiwo anaphimba nkhope ndi chikwama n'kutuluka. Enawo anawatsatira mmodzimmodzi. Bambo anangoti zyoli.

Panjira azakhali ankaseka, akuti amangofuna kuthandiza. Ine sindiyankha akuluakulu, koma ndinawauza kuti zaka zonse zimene bambo ankagona m'ngalande, iwo sanawalondolepo ngakhale kamodzi. Anati ndilibe mwambo. Mpaka lero ndikawaona mtima umandiwira.

Madzulo bambo sanadye. Ndinkaopa kuti gulu latha, ndipo abwerera kumowa.

M'mawa mwake sanatsegule shopu. Anakaima pakhomo la sitolo ya mankhwala mpaka mayi aja anafika. Anawapepesa, n'kuwalonjeza kuti Lachinayi adzakhoma chitseko, ndipo iwo eni adzakhala pampando pachitseko pomwepo, kuti wina asalowenso.