Majekete Atatu a Nambala 42

Ku Barrio Arriba, mumzinda wa León, Doña Epifania Barajas akakwiya salankhula, amanola mpeni. Sabata imeneyo anaunola mpaka mwala wonolera unachita dzenje.

Mayiwa anayamba kudula zikopa ali namwali, pano imvi zili mbuu. Amuna awo anamwalira kalekale, ana anabalalika. Chawo chenicheni ndi tebulo lodulira mu shopu ya alamu awo, Don Fulgencio, mmene amasoka majekete achikopa otengera aja ankavala asilikali oyendetsa ndege pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ija. Ogula ake ndi anthu ovuta. Amafuna jekete latsopano looneka ngati lakale: kolala yomweyo, zipi yomweyo, ngakhale kansalu ka nambala ka pakhosi kafanane ndi kakale.

Ndiye mwezi umodzi majekete atatu anabwezedwa. Wina anati lamuthina m'khwapa ngati wagwidwa ndi apolisi. Wina anati mikono ikufika m'maondo. Wachitatu sanalembe n'kalata yomwe, anangolibweza. Onsewo anaitanitsa nambala 42.

Lachinayi Don Fulgencio anaima pakati pa shopu, azimayi osoka onse akumva.

"Mlamu, tisanamizane, maso apita. Lolemba tebuloli mumusiyire Nazario. Inu muzikasoka matumba, mutakhala pansi bwinobwino."

"Nazario uti? Wa nsapato uja?"

"Chikopa n'chikopa, mlamu."

Munthu wa nsapato! Zaka makumi anayi akudula mapewa a anthu, lero alowedwe m'malo ndi munthu wodziwa zidendene basi. Pofika madzulo nkhani inali itazungulira msewu wonse, ndipo Doña Cuca wogulitsa chakudya chotchedwa guacamaya pakona anawapatsa moni mokuwa, poganiza kuti mwina ndi makutu omwe apita.

Chowawa n'chakuti Doña Epifania ankadziwa pamene pagona vuto. Chaka chathacho Don Fulgencio anagula majekete enieni atatu a nthawi ya nkhondo, onse olembedwa 42, nawauza kuti atengepo mapatani. Koma anasokedwa ndi mafakitale atatu osiyana, iliyonse ndi kadulidwe kake, ndipo lina linanyowapo n'kuuma mpaka kukwinyika. Mayiwa ananena pomwepo kuti manambalawa akunama. Alamu anati nambala ndi nambala, azungu a kalewo sakanalakwitsa. Kuyambira pamenepo patani iliyonse imene ili pafupi ndi imene inkapita patebulo, kansalu n'kukhala 42.

Lachisanu masana, anthu ali pakati pa guacamaya (kuno ngakhale chakudya n'chikopa, cha nkhumba chokazinga chothira tsabola m'buledi), Doña Epifania anatsitsa majekete akale aja n'kuwaponya patebulo kuti phi!

"Alamu, inu mumavala nambala chani?"

"42. Chikwatirire sindinasinthe."

Doña Chole wa makina apakhomo anatsamwa ndi buledi.

"Valani."

"Ndikudya, mlamu."

"Pukutani m'manja muvale. Kapena mukuopa nambala yanu yomwe?"

Pamaso pa azimayi asanu ndi mmodzi mwamuna sathawa. Loyamba linalowa, koma mikono inameza zala zonse.

"Ayi, lakukhalani," anatero Doña Chole. "Ngati mwana wavala la bambo ake kupita ku Misa."

Lachiwiri linakana m'mapewa. Don Fulgencio anaima manja ali tambalale ngati chowopsezera mbalame m'munda wa chimanga.

"Limenelonso 42," anatero Doña Epifania. "Ndalidula ine limenelo? Ndinali nditabadwa? Yankhani, alamu, maso anga analipo pa nkhondo?"

"Amuna a kale anali owonda."

"Nanga woyamba uja anali ngamila?"

Lachitatu ndi lija lokwinyika. Apa Don Fulgencio anafuna kupulumutsa ulemu. Anakoka mpweya, mimba n'kuibweza kumsana, nakoka zipi mwamphamvu. Zipi inakwera mpaka pachifuwa, inaluma malaya pamodzi ndi ubweya wa pamtima, n'kuima nji. Kumwamba ayi, pansi ayi.

"Chole, kokani!"

"Ine? Zipi ya zaka makumi asanu ndi atatu? Ikathyoka munena kuti nanenso maso apita."

Nkhope ya bambowo inayamba kufiira. Jekete limenelo ndilo ankalinyadira kuposa onse, ankaonetsa alendo atavala magolovesi. Kuling'amba sakanalola. Njira inali imodzi: kudula malaya m'kati mwa mano a zipi, pakampata kosalowa n'chala chomwe, osakhudza chikopa chakale kapena cha mwini wake.

"Tiitane Nazario," anatero Doña Epifania, atapinda manja.

"Mlamu, chonde."

"Ali pafupi, kuseri kwa tchalitchi. Chikopa n'chikopa."

"Epifania, mwana wa amayi, ndikubanika!"

"Nkhalamba yosaona ikuyandikireni ndi mpeni pamtima? Mwaganiza bwino?"

"Tebulo ndi lanu! Chole, mwamva, tebulo ndi lawo!"

"Ndipo kuyambira lero wogula aliyense atumize muyezo wa chifuwa, mapewa ndi mikono. Wokana tepi akagule bulangete."

"Koma kansalu ka 42 kakhale. Amakafuna."

"Kakhale, kaziwanamiza. Ine ndidula thupi la munthu."

Chole anachita chizindikiro cha mtanda, poti mawuwo anatuluka mpeni uli kale m'manja.

Doña Epifania sanavale n'magalasi omwe. Analowetsa nsonga, kamodzi, kawiri, zipi n'kutsika yokha. Pa jekete panalibe n'kachikanda komwe. Malaya okha ndi amene anatsala ndi bowo lokwana dzira, poti dzanja la munthu wokwiya limawolowa.

Don Fulgencio anakhala pampando akupuma ngati ng'ombe yokoka ngolo. Azimayi anadikira kuti mwina apepesa. Iwo anangofunsa ngati guacamaya yawo ilipobe.

Kupepesako mpaka lero sikunabwere, ndipo Doña Epifania akuwerengabe masiku. Lolemba anafika m'mamawa, nayala chikopa cha hatchi patebulo lawo. Doña Cuca atawapatsa moni wokuwa pakona paja, anamuyankha kuti tsabola wake wa Lachisanu anali wochepa, ndiponso kuti anamuona ndi maso awo akuthiramo madzi.