Mphuno ya Wosankha Fodya

Zaka zonse zimene ndinagwira ntchito m'shedi ya fodya ku Southerton, chida changa chinali mphuno. Belo likafika ndinkapisa dzanja pakati penipeni, kusolola masamba, n'kununkhiza ndisanawayang'ane n'komwe. Chuku chikayamba m'kati, fungo limatsogola masiku angapo maso ndi zala zisanadziwe kanthu. Belo lotero likakwera pamulu limawononga anzake.

Kenako kunabwera mliri uja wa chifuwa. Unandigwira nanenso. Ndinachira, koma fungo linapita. Sopo, parafini, ngakhale ngalande ya kuseri kwathu ku Warren Park imene aliyense amatseka nayo mphuno, kwa ine zonse zinali zii.

Kuchipatala ndinapitako kanayi, ndipo makadi onse anayi ali mu fayilo yanga. Ulendo wachinayi ndinapeza dokotala wamkazi, makolo ake a ku Tete, Chichewa chake chosakanikirana ndi Chishona. Anatembenuza pepala la mankhwala n'kuyamba kujambula.

"Bambo, m'mwamba mwa mphuno muli maselo. Tinthu togwira fungo timapangidwa m'kati mwa selo, koma ntchito yake ili kunja, pamwamba pa selo, pamene pamadutsa mpweya. Ndiye sitituluka tokha. Pali tina totiperekeza. Woperekeza akasowa, selo limatitsekera m'katimo mpaka kutiphwanya."

Ndinamva msanga, chifukwa shedi imayendanso choncho. Belo lopanda tikiti ndi wolikankha silifika pageti.

"Nanga tanga tatsakamira pati?"

"Sindingadziwe, Bambo. Mwina sitikupangidwa n'komwe. Maselowo amaphukanso. Ena fungo limabwerera, ena ayi."

"Lembani zimenezo, mudinde."

Anaseka. Anati sangadinde chinthu chimene alibe pochiyezera. Ndinatuluka ndi chithunzi cha bolopeni, chopanda deti, chopanda siginecha. Munthu wagwira ntchito ndi mphuno moyo wake wonse, koma m'tauni yonseyi mulibe pepala lonena za mphuno!

Msika wa fodya utayandikira ndinapita kukasainira ntchito ya chaka chimenecho. Kapitawo anali munthu amene ndinamuphunzitsa ndekha kupisa dzanja m'belo. Ankanditchula kuti Sekuru, ndiye kuti agogo m'Chishona.

"Sekuru, tamva kuti mphuno ili patchuthi. Yabwerako?"

Ndinamupatsa fayilo. Sanaitsegule. Anakoketsa mabelo atatu.

"Limodzi ndi loipa. Mukalipeza, mwalowa."

Onyamula mabelo anasiya ntchito kudzaonerera. Ndinapisa, kusolola, kununkhiza. Loyamba zii. Lachiwiri zii. Lachitatunso zii, koma masamba ake anali ofunda ndipo ankamata ku zala.

"Ili," ndinatero.

Onyamula mabelo aja anaomba m'manja. Wina anakuwa kuti, "Madala akadali galu wa polisi!" Kapitawo ananditambasulira fomu ndi bolopeni, akumwetulira ngati wandichitira chifundo. Ndipo chinalidi chifundo. Anali atasankha dala belo loti ngakhale mlonda wa pageti akanalizindikira.

Ndinawerenga fomuyo mzere ndi mzere, monga ndimachitira. Pamzere wina panalembedwa kuti belo lililonse lodutsa ndi chizindikiro changa ndalinunkhiza ndipo ndi labwino. Ndinayang'ana mabelo awiri aja. Kodi anali abwino? Ndinalibe podziwira.

"Limeneli ndalipeza ndi zala," ndinamuuza. "Mphuno sinamve kanthu."

"Sekuru, sainani basi. Ndani wafunsa?"

"Fomuyi yafunsa."

Anandinyengerera mpaka anatopa. Ine ndinali nditatopa kale. Ndinangopempha kalata yonena kuti ndasiya ndekha chifukwa cha thanzi, osati ndachotsedwa, komanso kuti pa zaka zanga zonse palibe belo la chuku limene linabwezedwa ndi chizindikiro changa. Anati mzere womalizawo ngosafunika. Ndinakhala pabenchi panja pa ofesi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, mabelo akudutsa pamaso panga ndi chizindikiro cha munthu wina. Pomaliza kalatayo inatuluka, mzerewo ulimo.