Nambala Imene Yobu Amaikumbukira

Mbale yachitsulo inalira kumutu kwa mphasa pakati pa usiku, Lefina n'kudzidzimuka. Foni yake amaigoneka m'mbalemo dala, kuti ikanjenjemera aimve ngakhale ali m'tulo tofa nato. Mwamuna wake Yobu, amene ali ku Joni, amatumiza mawu nthawi ngati imeneyo, anzake onse atagona.

Sanali Yobu. Anali a kalabu ya feteleza akukumbutsana za msonkhano. Koma pamwamba pa mauthengawo panatuluka mawu a Chingerezi, ndipo Lefina, amene sukulu analekezera Fomu 2, anawawerenga katatu. Ankati pakatha masiku khumi ndi awiri Watsapu sidzagwiranso ntchito pafoni imeneyo. Tulo tinathera pomwepo. Anakhala tsonga mpaka kucha, dzanja lili pamsana pa mwana wake Thoko.

Lefina anabadwira ku Chulu, nakwatiwa kufupi ndi Santhe asanakwanitse zaka makumi awiri. M'mudzimo amadziwika ndi manja: posoka fodya m'chigafa palibe amamupitirira. Zinthu zinasokonekera chaka chimene dzina lawo linasowa pamndandanda wa feteleza wotsika mtengo. Fodya anatuluka wonyozoloka, masamba ngati makutu a mbuzi, ndipo Yobu anakwera basi ya ku Joni.

Ponyamuka anamusiyira foniyo, koma simu anachotsa n'kupita nayo. Lefina anaikamo yake, Watsapu n'kumagwirabe ntchito pa nambala yakale ya Yobu, ndiye palibe anaonapo vuto. Panjira Yobu anaberedwa chikwama, simu ndi kapepala ka manambala zonse zinapita. M'mutu mwake munatsala nambala imodzi yokha, yake yomwe ija. Kuyambira pamenepo amabwereka foni kwa anzake a pafamu ya mphesa, lero uyu, mwezi wina wina, n'kutumiza mawu ku nambala imeneyo. Amadikira pang'ono kuti Lefina ayankhe, kenako amafufuta zonse n'kubweza foni. Ndipo nthawi zonse amamuchenjeza kuti asadzayerekeze kutumiza kanthu payekha ku manambala amenewo. Eni ake alibe mapepala okhalira m'dzikolo, amaopa chilichonse, ndipo akadzatopa naye sadzamubwerekanso.

Kutacha, atathirira nazale, Lefina anabereka Thoko napalasa njinga kupita ku Santhe kwa Esau, wokonza mafoni, mnzake wa Yobu wa paubwana. Esau anaitembenuza foniyo uku ndi uku, akuseka.

"Alamu, iyi ndi ya nthawi ya makuponi a pepala. Amene anaipanga anaiiwala kalekale."

Lefina anafunsa chimene chawonongeka. Esau anati palibe, foniyo ndi yamoyo ndithu. Kungoti makampani amaidyetsa foni zinthu zatsopano za m'kati kwa zaka zowerengeka, zina ziwiri, zodula kupitirirapo, kenako amaisiya. Ikasiyidwa, mapulogalamu nawo amayamba kuikana mmodzimmodzi. Koma anamuuza asadandaule, ali ndi ina yosweka galasi koma yatsopanoko, amubwereka. Chofunika n'kusamutsira Watsapu mmenemo basi. A Watsapu atumiza manambala achinsinsi ku simu, iye awalowetsa, zatha.

"Ku simu iti?" anafunsa Lefina.

"Imene munatsegulira Watsapuyi."

Lefina atamufotokozera, Esau analeka kuseka. Anayesa kuimba nambala ya Yobu ija kawiri, koma siinalire n'komwe. Anati simu ikagona zaka ziwiri imafa, mwinanso nambalayo idzagulitsidwa kwa munthu wina wa ku Nsanje kapena ku Karonga. Foni yatsopano itheka, koma idzakhala pa nambala ya Lefina, imene Yobu saidziwa.

Lefina anakhala pabenchi ya Esau n'kuyamba kuwerenga masabata. Yobu anamaliza kulankhula masabata asanu apitawo, ndipo nthawi zina amatha miyezi itatu ali zii. Akapanda kutumiza m'masiku otsalawo, adzalankhula m'chitsime chouma. Adzayesa kawiri, katatu, kenako adzaganiza zimene apongozi ake a Lefina amanena kale pamtondo, zoti mkazi wamng'ono sadikira mwamuna mvula zitatu. Ndipo Yobu akadwala kumeneko, kapena akagwidwa, uthenga udzafika kwa yani?

Esau anati mwina angodikira, mwina Yobu atumiza sabata yomweyi. Pobwerera Lefina sanakwere njinga, anangoikankha, akudutsa minda yolimidwa kale mizere, yodikira mvula. Pachulu cha kuseri kwa tchalitchi, pamene netiweki imagwira bwino, anaima n'kutsegula foni. Manambala achilendo amene Yobu anagwiritsapo ntchito analipo asanu ndi anayi. Ena anali ndi zithunzi za anthu amene sanawaonepo, ena opanda chithunzi.

Anadziwa kuti mwina ena akwiya, mwina Yobu ataya anzake omubwereka foni, mwinanso amukalipira koopsa. Koma kukalipa n'kwa munthu amene wakupeza. Anaganiza kuti madzulo omwewo akatenga foni yosweka galasi ija kwa Esau, atsegula Watsapu pa nambala ya iye mwini, kenako atumiza mawu kwa onse asanu ndi anayi. Apepesa kaye, atchula dzina la Yobu ndi mudzi wake, ndipo nambalayo ainena pang'onopang'ono, kawiri.