Jekete la Lazaro

Amalume anali ndi jekete limodzi, lofiirira, la mabatani atatu. Batani lapakati linali losiyana ndi anzake, ndipo m'zigongono amayi anasokamo zigamba za nsalu yofananirako, moti umayenera kuyandikira kuti uzione. Linkagona m'thumba la feteleza lochapa bwino, m'matumba mwake muli masamba a fodya othamangitsira njenjete. Linkatuluka Lamulungu ndi pa maliro basi. Kumudzi kwathu, kufupi ndi Madzimoyo, chinali chovala cha ulemu, ndipo anyamata angapo anakwatirira m'jekete limeneli mobwereka.

Chinali chaka chija mvula inadula chimanga chili m'chiuno, ine ndili mu giredi fili. Amalume ankagwira ganyu kuchigayo. Madzulo ankabwera ali mbuu ndi ufa mpaka m'nsidze, atanyamula gaga wosesa pansi, ndipo gaga ameneyo ndiye anatidutsitsa Lenti. Anali atapezanso mbeta ku Kasenengwa, mwana wa akatekisiti. Ankhoswe anali atagwirizana kuti Pasaka ikapita, amalume akaonekere kwa makolo.

Mwini chigayo anali ndi malole onyamula thonje ndi nyumba yaikulu m'tauni ku Chipata. Chaka chimenecho mwana wake wamwamuna anabwera kuchokera ku yunivesite ku Lusaka, mtima uli wodzaza ndi chisoni cha amphawi. Sankafuna kutchedwa bwana. "Tonse ndife amodzi, achimwene," ankatero kwa amalume, uku akusansa ufa pamalaya pomwe amalume amukhudza. Lamulungu ankasiya motoka kuseri kwa mitengo ya mango, n'kuvula nsapato, kuti alowe m'tchalitchi wopanda nsapato ngati ife. Mapazi ake anali ofewa, ankayenda ngati akuponda minga, ndipo ife ana tinkamuyeseza kumbuyo.

Sindinganene kuti anali munthu woipa. Ndakula nazo zimenezi, ndipo ndatopa kufunafuna dzina lomuyenera. Ankatikonda mmene munthu amakondera nyimbo za maliro iye asanafedwepo.

Ndiye amene anayambitsa sewero la munthu wachuma ndi Lazaro wosauka uja wa m'Baibulo. Aphunzitsi athu, poti anali ndi kamimba, anapatsidwa malo a wachuma. Malo a Lazaro mnyamatayo anadzisankhira yekha. Ana ena tinakhala agalu onyambita zilonda, ndipo ine ndinanyadira kwambiri kukhala galu.

Tsiku lina mnyamatayo anafika pakhomo pathu jekete lili pachingwe likuwothera dzuwa. Amayi anathamangira mpando, iye anakana, nakhala pafumbi. Amayi anasowa pokhala, poti pansi pa pansi palibe, anangogwada chapatali. Mlendoyo analizungulira jekete lija ndi maso, kenako anaimirira n'kuligwira.

"Achimwene, ili ndilo ndakhala ndikufuna. Mundibwereke pa sewero."

Amalume analipinda okha, nalipereka ndi manja awiri. Palibe anafunsa kuti livalidwa ndi yani. Kufunsiranji? M'seweromo munali munthu mmodzi yekha woyenera jekete. Sabata yonseyo amalume ankayenda mapewa ali m'mwamba. "Aphunzitsi ali ndi masuti awo," ankauza aliyense kuchigayo, "koma wachuma wafuna langa." Nkhawa yawo inali imodzi, yoti mimba ya aphunzitsi ingadule batani. Anatumiza mawu ku Kasenengwa kuti abwere adzaonere. Pokonzekera sewero tinkavala zovala zathu zamasiku onse, choncho nanenso sindinkadziwa kanthu.

Tsikulo Misa itatha, anthu anakhala panja pamthunzi. Akatekisiti a ku Kasenengwa anapatsidwa benchi yakutsogolo, mwana wawo ali pakati pa amayi ena pambali. Aphunzitsi anatulukira atadzikulunga nsalu yofiira yochokera kunyumba ya m'tauni ija, akutafuna mwendo wa nkhuku weniweni. Fungo lake linatifika ife agalu, malovu n'kudzaza m'kamwa. Ndinayang'ana amalume. Ankamwetulirabe, akudikira kuti mwina wachuma asintha zovala.

Kenako Lazaro anatulukira akukwawa.

Sanaling'ambe jekete lija. Sanalipake phulusa kapena matope. Ichi ndicho chimandipweteka mpaka lero: analivala mmene linalili, ndipo kwa iye linali lokwana kale kukhala nsanza.

"Taonani nsanza zanga!" anafuula, akukweza chigongono kuti onse aone chigamba cha amayi. "Kodi munthu wolengedwa ndi Mulungu azivala chonchi? Ngakhale galu wa wachuma sangagonepo!"

Ankalira misozi yeniyeni, ndipo ankalira bwino. Ine ndinakwawa monga anatiphunzitsira, ndinaika mphuno pamkono wake, ndipo ndinamva fungo la fodya wa amalume. Kumbuyo wina anati, "Si jekete la uje limenelo?" Kuseka kunayenda m'mabenchi, kenako kunaduka mwadzidzidzi, ndipo kudukako kunali koipa kuposa kusekako. Mbeta ija inali itawerama, ikupotokola nsonga ya chitenje. Sewero litatha amalume anaomba m'manja pamodzi ndi onse. Akanatani, poti Lolemba chigayo chinali kutsegula?

Mnyamatayo anabwera ali thukuta kamukamu, nakumbatira amalume pamaso pa akatekisiti. "Awa ndiwo Lazaro weniweni, ine ndangobwereka," anatero. Ndikhulupirira ankayesa kuti akuwalemekeza. Anthu anamuyamikira, amayi ena akupukuta m'maso. Iye anapita kuseri kwa mango kuja, anapukuta mapazi ndi thaulo, navala nsapato zake. Kuyambira tsikulo, ngakhale ana oyamba kumene kulankhula ankawatchula amalume kuti aLazaro.

Jekete linabwera patapita masiku ochepa, atalichapa kutauni, likununkhira sopo wodula. Palibe chinasowapo. Ine ndinakondwa, poti ndinkadziwa kuti vuto la kubwereketsa chinthu ndi kuchiononga, ndipo apa palibe chinaonongeka.

Pasaka inapita. M'mawa wa tsiku lopita ku Kasenengwa ankhoswe anafika atapopa kale njinga, koma amalume sanatuluke. Anati malungo awagwira. Ankhoswe anakhala pakhonde mpaka dzuwa linafika pamutu, akukambirana ndi amayi motsitsa mawu, kenako anakankha njinga yawo kubwerera. Tsiku lina silinapanganidwenso, ndipo patapita chaka tinamva kuti mkazi uja wakwatiwa ku Chipangali.

Koma m'mawa umenewo ine ndinalowa m'nyumba ndi kapu ya madzi. Amalume anali atagona choyang'ana kukhoma, maso ali otsegula. Ndinawagwira pachipumi monga amayi ankachitira nane. Panali pozizira bwinobwino. Ndinathamangira panja ndi nkhani yabwino, ndikufuula kuti ankhoswe amve.

"Amayi, amalume achira! Angathe kupita!"

Amayi sanandiyang'ane. Anandituma kukatunga madzi, mitsuko yonse ili yodzaza.