Mapazi Makumi Anayi Kuchokera kwa Woweruza

Bambo anga anagwira ntchito zaka makumi atatu ndi ziwiri kumanda akale a mumzinda, kuseri kwa siteshoni ya sitima. Sankakumba manda ayi. Ntchito yawo inali yodzutsa zilembo zofufutika pa ziliza za anthu otchuka, n'chifukwa chake aliyense ankangowatchula kuti a Burashi. Ankayamba ndi kupala ndere ndi msomali, n'kupapasa chilembo chilichonse ndi chala, kenako n'kudutsitsamo utoto ndi kaburashi konga nthenga.

Akufawo ankawadziwa ngati abale awo: namwino amene anakana kuthawa pa nthawi ya mliri, woimba amene maliro ake anatseketsa misewu, ndi woweruza, mwini chipilala chachitali cha pakati pa manda. Alendo akabwera, bambo ankavula chipewa n'kuyala mbiri zonsezo, mpaka dzina la galu wa woweruzayo. Ine zinkandinyansa. Anthu amenewa akanakhala moyo, sakanawapatsa bambo ngakhale mpando.

Amayi nawonso agona m'manda omwewo, koma kumunsi, koika anthu wamba. Pamtumbira pawo panali kachitsulo ka nambala basi. Bambo ankati chiliza amanga chaka chamawa, ndipo dzina adzalemba okha ndi utoto wagolide. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Akuba zitsulo anazula tizitsulo tonse ta kumunsiko, mvula inasalaza mitumbira, udzu n'kufanana ponseponse.

"Nanga amayi tiziwapeza bwanji?" ndinawafunsa.

"Usadandaule, mwana wanga," anatero. "Ukaima pangodya ya chipilala cha woweruza, mbali yolembedwa dzina, n'kulunjika kumunsi, uwerenge mapazi anga makumi anayi. Amayi ako ali pomwepo. Mwala suyenda."

Masana aliwonse ankatsuka burashi, n'kuwerenga mapazi awowo, n'kukadyera kamba wawo pa udzupo. Sanazikepo ngakhale kamtengo. Ankakhulupirira woweruza.

Kenako maso a bambo anachita ng'ala, ntchito inatha, matenda anawagoneka miyezi isanu ndi iwiri. Ine, ndi ndalama za makina anga osokera, ndinagula mwala waung'ono wosalala woika pamanda a amayi. Atapezako bwino tinauika pa wilibala, iwo atagwira phewa langa, ulendo wa kumanda.

Titalowa pageti, ndinaimitsa wilibala. Pakati pa manda panali mbee, dothi lofiira lokhalokha ndi mapazi a thirakitala.

"Mwana wanga, taimiranji?"

Mlonda ndiye anayankha. "A Burashi, simunamve kodi? Akuluakulu aja anawasamutsa onse mwezi wathawu. Awamangira malo aulemu kumtunda kwa mzinda. Pano padutsa msewu wolowera kusiteshoni."

"Woweruzanso?"

"Ameneyo ndiye anayambira. Chipilala chake chinavuta, mpaka anabweretsa chimashini chonyamulira."

"Nanga akumunsi?"

"Amenewo sanawakhudze, ali momwemo."

Bambo anasiya phewa langa. Anayenda pa dothi lija akugogoda ndi ndodo, kufuna ngodya imene kunalibe. Anasankha malo, n'kuwerenga mokweza mpaka makumi anayi, n'kugwada kupapasa udzu. Anabwerera, n'kuyambira pena. Kachitatu anakathera pa chulu. Ine ndinangogwira wilibala, misozi ili chuchuchu, ndipo sindinadziwe ngati ndikulirira amayi kapena ndakwiyira bambo.

Dzuwa litapendeka anakhala pansi. "Tsiku lobadwa woweruza ndikulidziwa," anatero. "Mkazi wanga sindikudziwa pamene wagona."

Mlonda anati tingouika mwalawo paliponse, akufa sadandaula. Bambo anakana. Anati zaka zonsezi sanalembepo dzina la munthu pa manda a munthu wina, ndipo sangayambire pa mkazi wawo.

Tinabwerera nawo kunyumba. Mpaka lero mwalawo uli kuseri kwa chitseko, pafupi ndi bedi lawo. Dzina analilemba okha, mopapasa, ndi utoto wagolide uja. Sindinaonepo zilembo zowongoka ngati zimenezo.