Mng'oma wa alamu

Alamu anga atamwalira anasiya njinga, dimba la tomato ndi mng'oma wa njuchi mumtengo wa mango, kumudzi kwathu kufupi ndi Lirangwe. Achemwali anga ankaziopa njuchizo, koma m'mawa uliwonse ankaima patali n'kumaziona zikutuluka. Msika sankaudziwa, zogulitsa zonse ankapita nazo ndi alamu.

Loweruka lina ndinachoka ku Chileka, komwe ndimasoka zovala, kukawaona. Ndinawapeza atakhala pansi pa mango uja. Mnansi wathu anali atapopera mankhwala nandolo wake dzuwa lili pamutu, maluwa ali mbuu. Njuchi zinali mbwee pansi, zina zikuphupha.

Ine ndilibe mtima wodekha. Ndinati, "Achemwali, zatha izi. Titsitse mng'omawu, tikolole kauchi katsalako."

"Usaukhudze," anatero. "Anaupachika okha alamu ako aja."

Ndinawamvera chisoni, komanso anandikwiyitsa. Mng'oma unali zii, ngati nyumba yosamukamo. Iwo ankangoika madzi a shuga m'mbale patsinde, ine n'kumaseka kuti akuphikira tiyi maliro.

Nditabweranso Loweruka linalo, anandikoka dzanja mpaka pamtengo. Pakhomo pa mng'oma panali tinjuchi totuwa, taubweya, tikuzungulirazungulira ngati tikuloweza njira.

Ndinaimbira foni mwana wanga wamkazi amene amaphunzira zaulimi. Anati njuchi ikakhala yaing'ono imalera ana mkati, ikakula m'pamene imapita kumaluwa. M'mutu mwake muli timadzi tina tochepetsetsa totumiza uthenga, ndipo timathandiza kuiuza ntchito yoti igwire. Zikuluzikulu zikapanda kubwerera, timadzito timasintha, olera ana aja n'kutuluka nthawi yawo isanakwane.

"Koma zoterozo zimasochera kwambiri," anatero, "ndipo sizikhalitsa."

Mawu otsirizawo sindinafune kuwauza achemwali, koma foni inali pokweza, anamva okha. Anayang'ana m'mwamba.

"Nanga zikanadikira ndani?" anafunsa.

Tomato anali atapsa kudimba, wina akuolera pansi, ndipo ine ndinali nditalonjeza kale kawiri kuti ndipeza munthu wokagulitsa.

M'mawa mwake ndinadzutsidwa ndi kulira kwa pampu. Achemwali anali akupopa matayala a njinga ya alamu, dengu la tomato atalimanga kale pakaliyala, lopendekeka. Ndinafuna kuliwongola, anandikaniza. Kupalasa sankatha, choncho anangoikankha mpaka kumsewu wa ku Lirangwe.